Chakudya, mapiritsi, dilipi kapena magazi: kusankha njira yobwezeretsera ayironi m'thupi

Munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti magazi ake achepa chifukwa chosowa ayironi amakhala ndi njira zingapo zoti asankhepo, ndipo kawirikawiri amatsatira zimene wamva kwa anzake kapena zimene zalembedwa pa botolo. Njirazi sizingayerekezedwe bwino munthu asanamvetse mfundo imodzi, yakuti thupi lili ndi khomo lolowetsera ayironi limene limatsegulidwa ndi kutsekedwa mosamala kwambiri, koma lilibe khomo lomutulutsira mwadala akachuluka. Kusiyana kwenikweni kwa njira zimene tikambirane pano kwagona pamenepo: zina zimadzera pakhomo ndipo thupi likhoza kuzikana, pamene zina zimalilambalala khomolo ndipo thupi limangolandira zonse zimene lapatsidwa.

Mmene maselo amasungira ayironi

Thupi la munthu wamkulu limakhala ndi ayironi wolemera magalamu 3 mpaka 4, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ayironiyu ali m'himogulobini, puloteni ya m'maselo ofiira a magazi imene imanyamula okosijeni. Ayironi ndi wofunika chifukwa amalandira ndi kupereka elekitironi mosavuta, koma khalidwe lomwelo ndi limene limadyetsa dzimbiri msomali wosiyidwa pamvula. Ayironi woyenda payekha m'selo akakumana ndi hydrogen peroxide, imene selo limapanga tsiku ndi tsiku popuma, pamabadwa tizinthu taukali timene timawononga mafuta a khungu la selo, mapuloteni ndi DNA. Zimenezi zimadziwika ndi dzina la H. J. H. Fenton, amene anafotokoza mphamvu ya ayironi ndi hydrogen peroxide mu 1894, ndipo mu 2012 ofufuza a ku Columbia University ku America anapereka dzina lakuti ferroptosis ku imfa ya selo imene imadza ayironi akawononga mafuta a khungu lake.

Pachifukwa chimenechi thupi silimulola ayironi kuyenda wopanda womugwira. M'magazi amanyamulidwa ndi puloteni yotchedwa transferrin, imene imagwira maatomu awiri okha nthawi imodzi, ndipo m'kati mwa selo amatsekeredwa mu ferritin, puloteni yobulungira ya mphako imene ingasunge maatomu pafupifupi 4,500. Selo lililonse limadziwerengera lokha chuma chake kudzera m'mapuloteni awiri otchedwa IRP1 ndi IRP2. Ayironi akachepa, mapuloteniwa amaletsa kupangidwa kwa ferritin ndipo amachulukitsa zogwirira transferrin pakhungu la selo kuti ayironi wambiri alowe. Akachuluka, amasiya kugwira ntchito, nkhokwe za ferritin zimamangidwa ndipo zogwirira zija zimachepa.

Pamwamba pa zonsezi pali hepcidin, homoni yaing'ono yopangidwa ndi chiwindi, imene inadziwika m'zaka za 2000 ndi 2001. Ayironi amatuluka m'selo kudzera pakhomo limodzi lokha lodziwika, lotchedwa ferroportin, ndipo mu 2004 Elizabeta Nemeth, Tomas Ganz ndi anzawo anasonyeza kuti hepcidin imagwira khomo limeneli n'kuliwonongetsa. Hepcidin ikakwera, ayironi amene selo la m'matumbo latenga m'chakudya amatsekeredwa momwemo, ndipo amatayika pamodzi ndi selolo likayoyoka patatha masiku ochepa. Hepcidin imakwera ayironi akachuluka, komanso imakwera pamene thupi likulimbana ndi matenda kapena kutupa kwa m'kati, chifukwa tizilombo toyambitsa matenda nato timafuna ayironi kuti tiswane. Patsiku matumbo amayamwa mamiligalamu 1 mpaka 2 okha, kubwezera amene atayika, pamene mamiligalamu 20 mpaka 25 ofunika popanga maselo ofiira atsopano amachokera makamaka m'maselo akale amene atha masiku awo pafupifupi 120 n'kuphwanyidwa m'kapamba ndi m'chiwindi.

Mfundo zoyezera

Njira iliyonse tiiyeza ndi mtengo wake, kupezeka kwake, zimene imafuna kwa wodwala kuti ipitirire bwino, ndi zoopsa zake, ndipo pansi pa zonsezi pali funso lakuti kodi ikudzera pakhomo la hepcidin kapena ayi. Koma munthu asanasankhe ayenera kuyezetsa, chifukwa kutopa, kuyera kwa zikhato ndi kupuma mobanika sizimabwera chifukwa cha ayironi yekha. Bungwe la World Health Organization limati magazi achepa himogulobini ikatsika pansi pa magalamu 13 pa desilita mwa amuna, 12 mwa amayi osayembekezera ndi 11 mwa amayi oyembekezera (10.5 m'miyezi itatu yapakati ya mimba), koma chiwerengerochi sichinena chimene chachepetsa magaziwo. Chimene chimasonyeza kuti nkhokwe zatha ndi ferritin ya m'magazi: ikatsika pansi pa mamayikirogalamu 15 pa lita mwa munthu wamkulu, ayironi wasowadi, ndipo madokotala ambiri amayamba kuthandiza ikafika pansi pa 30. Ferritin imakwera munthu akamadwala matenda ena, choncho ikhoza kuoneka yabwino pamene nkhokwe zilibe kanthu, ndipo apa m'pamene dokotala amayezanso kudzaza kwa transferrin, kumene kukatsika pansi pa magawo 20 pa 100 alionse kumasonyeza kusowa.

Funso lina losayenera kudumphidwa ndi lakuti ayironiyo akutayikira kuti. Mililita imodzi ya magazi imanyamula pafupifupi theka la miligalamu ya ayironi, kotero msambo wochuluka, njoka za m'mimba zoyamwa magazi kapena chilonda chotuluka magazi m'matumbo zingathe kukhuthula nkhokwe mofulumira kuposa mmene njira iliyonse ingazidzazire. Kwa mwamuna wamkulu kapena mayi amene anasiya kusamba, kusowa kwa ayironi kumafuna kuti matumbo aunikidwe, popeza nthawi zina ndi chizindikiro choyamba cha khansa ya m'matumbo.

Chakudya

Mtengo: palibe ndalama yapadera yolipira, ngakhale kuti zakudya zokhala ndi ayironi woyamwika bwino, monga nyama yofiira, chiwindi ndi nsomba, ndi zimene zimadula kuposa zina. Kupezeka: ayironi ali m'zakudya zambiri, koma ali m'mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Wa m'nyama amayamwika pa mlingo wa magawo 15 mpaka 35 pa 100 alionse, pamene wa m'mbewu, m'nyemba ndi m'masamba amayamwika pa magawo 2 mpaka 20, malinga ndi zimene wadyera limodzi. Vitamini C amathandiza kuyamwa, pamene tiyi, khofi, kashiamu ndi chinthu chotchedwa phytate chopezeka m'mbewu zosakonola zimalepheretsa. Zofunika kutsata: chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, monga kusamwa tiyi nthawi ya chakudya ndi kudyera limodzi zipatso. Zoopsa: ndi zochepa kwambiri kwa munthu amene hepcidin yake imagwira ntchito bwino, chifukwa khomo limatseka nkhokwe zikadzaza. Choopsa chenicheni ndi kuchedwa. Munthu amene wasowa mamiligalamu 1,000 ndipo akuyamwa ochepa chabe patsiku angathe chaka chathunthu kapena kuposerapo asanachire, choncho chakudya ndi njira yopewera komanso yosungira zimene zabwezeretsedwa, osati yochizira kuchepa kwa magazi kumene kwakhazikika kale.

Mapiritsi a tsiku ndi tsiku

Mtengo: ferrous sulfate, ferrous fumarate ndi ferrous gluconate ndi mankhwala otsika mtengo kuposa njira zonse zachipatala. Powerenga botolo muziyang'ana kuchuluka kwa ayironi weniweni, osati kulemera kwa piritsi, chifukwa piritsi la ferrous sulfate la mamiligalamu 325 lili ndi ayironi wokwana 65 yekha, fumarate ali ndi ayironi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kulemera kwake, ndipo gluconate ali ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse. Kupezeka: amapezeka pafupifupi kulikonse, safuna firiji ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa World Health Organization, bungwe limene limalimbikitsa kuti mayi woyembekezera azimwa ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid wa mamiligalamu 0.4 tsiku lililonse.

Zofunika kutsata: apa m'pamene njirayi imalephera kawirikawiri. Mankhwala akamagwira bwino himogulobini imakwera ndi pafupifupi magalamu 2 pa desilita m'masabata atatu kapena anayi, ndipo munthu akayamba kumva mphamvu amasiya kumwa, pamene anayenera kupitiriza miyezi itatu himogulobini itafika kale pabwino kuti ferritin idzazidwe. Piritsi limayamwika bwino m'mimba mulibe kanthu, ndipo liyenera kutalikirana maola angapo ndi mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba, mankhwala a chithokomiro a levothyroxine, ndi mankhwala opha mabakiteriya a tetracycline ndi ciprofloxacin, chifukwa ayironi amagwirana ndi ena mwa mankhwalawa ndipo onse awiri amachepa mphamvu.

Zoopsa: gawo lalikulu la ayironi wa m'piritsi siliyamwika, limatsikira m'matumbo n'kubweretsa nseru, kudzimbidwa, kutsegula m'mimba ndi kakomedwe ka chitsulo m'kamwa. Chimbudzi chimada, ndipo zimenezi pazokha si vuto, koma chimbudzi chakuda chonanda ngati phula ndi chonunkha moipa chingakhale magazi ndipo chimafuna dokotala. Choopsa chachikulu chili pa ana aang'ono. Mapiritsi ambiri a ayironi ndi obulungira, osalala, ofiira kapena obiriwira ngati maswiti, ndipo mwana wa makilogalamu 10 amene wameza mapiritsi khumi a mamiligalamu 65 wapyola kale mamiligalamu 60 pa kilogalamu, mlingo umene ungawononge chiwindi n'kupha. Pamlingo wotere ayironi amawotcha matumbo, transferrin imadzaza, ndipo wotsalayo amayenda m'magazi wopanda womugwira. Mwanayo angaoneke ngati wachira atasanza maola oyamba, kenako n'kudwalika kwambiri tsiku lotsatira, choncho ayenera kuthamangira naye kuchipatala ngakhale akuseka.

Kumadera a malungo kuli nkhani inanso. Kafukufuku wochitikira pachilumba cha Pemba ku Tanzania, amene anasindikizidwa mu 2006, anaimitsidwa asanathe chifukwa ana amene ankapatsidwa ayironi ndi folic acid mosayang'ana ngati akusowadi ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kuposa anzawo. Kuchokera pamenepo langizo ndi lakuti ayironi aperekedwe kwa ana a kumadera otere limodzi ndi njira zopewera, zoyezera ndi zochizira malungo.

Mapiritsi odumpha tsiku

Kwa zaka zambiri odwala ankauzidwa kumwa piritsi katatu patsiku poganiza kuti ochuluka amachiza msanga. Ofufuza a ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland anasonyeza mu 2015 kuti ayironi wa mamiligalamu 60 kapena kuposerapo amakweza hepcidin kwa maola pafupifupi 24, kotero piritsi lamasana ndi lam'mawa wotsatira limapeza khomo lotseka pang'ono, ndipo mu 2017 anapeza kuti amayi amene ankamwa modumpha tsiku ankayamwa gawo lalikulu la piritsi lililonse kuposa amene ankamwa tsiku ndi tsiku. Mtengo ndi kupezeka: ndi mapiritsi omwe aja, ndipo botolo limakhalitsa kawiri. Zofunika kutsata: kukumbukira tsiku lomwera n'kovuta kuposa kumwa m'mawa uliwonse, ndipo ambiri amapepukitsa zinthu posankha masiku atatu okhazikika pa sabata. Zoopsa: m'mimba mumavuta mocheperako kwa anthu ambiri, koma tisakokomeze ubwino wake, chifukwa kafukufuku woyamba uja anachitika pa amayi osowa ayironi amene magazi awo sanachepe kwambiri, ndipo munthu amene magazi achepa kwenikweni amakhala ndi hepcidin yotsika kale. Ine ndimaiona njirayi ngati yopulumutsira munthu amene watsala pang'ono kusiyiratu mankhwala chifukwa cha nseru, ndipo pantchito imeneyo ndi yabwino kwambiri kuposa mitundu yodula imene imati imasungunuka pang'onopang'ono, popeza mapiritsi oterowo nthawi zambiri amatulutsa ayironi atapitirira kale chigawo choyamba cha matumbo, kumene kuyamwa kumachitika.

Ayironi wa m'dilipi

Awa ndi madzi oderako ngati khofi amene amalowa mumtsempha, ndipo m'kati mwake ayironi wakutidwa ndi chikhokho cha mtundu wa shuga chomwe chimagwira ntchito yofanana ndi ya ferritin. Maselo odya zinyalala a m'chiwindi ndi m'kapamba amameza timibulu timeneti, n'kumatulutsa ayironi pang'onopang'ono kupita kwa transferrin, choncho khomo la m'matumbo lalambalalidwa. Mtengo: ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi mapiritsi, ndipo pamankhwalawo muwonjezerepo nthawi ya namwino, zipangizo ndi ulendo. Iron sucrose ndi wotsika mtengo pa botolo, koma amaperekedwa mamiligalamu pafupifupi 200 paulendo umodzi, kotero wosowa 1,000 amabwera kasanu; ferric carboxymaltose angaperekedwe mpaka 1,000 m'mphindi 15, ndipo ferric derisomaltose mpaka mamiligalamu 20 pa kilogalamu nthawi imodzi. Kupezeka: m'chipatala mokha mmene muli ogwira ntchito ndi mankhwala othandizira munthu thupi lake likakana mankhwala mwadzidzidzi. Zofunika kutsata: kukhala pachipatala mphindi 30 dilipi itatha, ndi kuyezanso magazi patatha masabata anayi kapena kuposerapo, chifukwa ferritin yoyezedwa msanga imakwera monyenga.

Zoopsa: mbiri yoipa ya njirayi inachokera ku mtundu wakale wa iron dextran umene unkabweretsa kukana koopsa ndipo unachotsedwa pamsika, pamene mitundu yamakono imachita zimenezi mwa apo ndi apo. Kutentha nkhope, kuthina pachifuwa kapena kupweteka msana dilipi ikuyenda kumachitika kwa ena ndipo kumatha ikaimitsidwa. Madziwa akatayikira kunja kwa mtsempha amasiya banga loderako pakhungu lomwe lingakhale zaka. Ferric carboxymaltose amatsitsa phosphate m'magazi mwa anthu ambiri pokweza homoni yotchedwa FGF23, ndipo kwa wolandira mobwerezabwereza zimenezi zingafewetse mafupa. Saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba ya mimba, ndipo amayembekezetsedwa munthu akamadwala matenda aakulu a mabakiteriya m'magazi. Koposa zonse, mlingo uyenera kuwerengedwa bwino potengera kulemera kwa thupi ndi himogulobini, chifukwa wopitirira muyeso sabwezeka.

Kuthiridwa magazi

Mtengo: ndi njira yodula kuposa zonse tikawerengera kusonkhanitsa, kuyeza ndi kusunga. Kupezeka: magazi amachokera kwa anthu opereka mwaufulu, amasungidwa mozizira kwa masiku osapyola 42 ndipo amasowa kawirikawiri. Zofunika kutsata: kufananitsa gulu la magazi ndi kuyang'anira wodwala nthawi yonse yothira. Thumba limodzi limakweza himogulobini ya munthu wamkulu ndi pafupifupi galamu imodzi pa desilita tsiku lomwelo, ndipo palibe njira ina imene ingachite zimenezo. Zoopsa: kulandira gulu lolakwika, kulemedwa kwa mtima ndi madzi, kuvulala kwa mapapo ndi matenda opatsirana ngati kuyeza kwaphonya. Thumba lililonse limasiya ayironi wa mamiligalamu 200 mpaka 250, choncho odwala matenda akumtundu a magazi a thalassaemia kapena sickle cell amene amalandira magazi kwa zaka amaunjika ayironi m'chiwindi, mumtima ndi m'ziwalo zopanga mahomoni, ndipo amafunika mankhwala omukoka monga deferoxamine, deferiprone kapena deferasirox. Madokotala ambiri amadikira himogulobini ifike pafupifupi magalamu 7 pa desilita asanathire magazi munthu amene sakutaya magazi ndipo mtima wake uli bwino.

Njira yanji kwa ndani

Munthu amene ferritin yake ili bwino ndipo akungofuna kupewa, chakudya chimukwanira, ndipo asagule mapiritsi a ayironi chifukwa cha kutopa kokha. Amene wayezedwa n'kupezeka wosowa, matumbo ake ali bwino ndipo alibe matenda ena aakulu, ayambe ndi piritsi limodzi patsiku, ayezetsenso patatha mwezi, ndipo m'mimba mukavuta asinthe n'kumamwa modumpha tsiku asanaganize zosiya. Mayi woyembekezera atsate mapiritsi a kusikelo, chifukwa mimba yonse imafuna ayironi pafupifupi mamiligalamu 1,000. Koma ngati magazi achepa kwambiri ndipo masabata otsala ndi ochepa, dilipi ndi imene ingafike nthawi isanathe, popeza pobereka adzatayanso magazi.

Dilipi ndi yoyeneranso pamene hepcidin yatseka khomo kapena matumbo sakuyamwa: matenda a impso okhalitsa, makamaka kwa amene amatsukidwa magazi ndi makina, kufooka kwa mtima, matenda otupitsa matumbo, opaleshoni yochepetsa chifu, kapena opaleshoni yaikulu imene yatsala masabata ochepa. Mwa anthu amenewa kuwonjezera mapiritsi kumangochulukitsa nseru. Magazi asungidwire amene akutaya magazi ambiri kapena amene mtima wake wayamba kulephera chifukwa cha kuchepa kwa magazi, ndipo ngoziyo ikadutsa ayironi abwezeretsedwebe ndi mapiritsi kapena dilipi, chifukwa thumba limodzi kapena awiri sadzaza nkhokwe. Mwana wa kumadera a malungo ayambe wayezedwa ndi kuchizidwa malungo ndi njoka za m'mimba.

Pali gulu limene siliyenera kumwa ayironi popanda umboni wa ferritin. Munthu wa sickle cell kapena thalassaemia amakhala ndi magazi ochepa ngakhale ayironi ali wambiri m'thupi mwake. Munthu wa haemochromatosis, matenda akumtundu ofala kwambiri mwa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya amene jini yake yotchedwa HFE inadziwika mu 1996, amapanga hepcidin yochepa, choncho khomo lake silitseka ndipo amayamwa mopyola muyeso ngakhale m'chakudya wamba. Kutopa ndi chimodzi mwa zizindikiro zake zoyamba, ndipo n'chifukwa chake angasokonezeke n'kugula mapiritsi amene akumuwonjezera vuto. Thandizo lake ndi kuchotsedwa magazi pafupifupi theka la lita nthawi imodzi, poyamba sabata iliyonse, mpaka ferritin itatsika, kenako kangapo pachaka moyo wake wonse.